Ndalama za ku Joni zinalowera kuti?

Boma la atsamunda linkadziwa kuwerenga zinthu ziwiri kuno ku Ntcheu: nyumba ndi amuna. Nyumba ankaziwerenga chifukwa cha msonkho. Amuna ankawawerenga kuti adziwe kuti otsala oti n'kukhoma msonkhowo ndi angati, nanga amene atuluka kupita ku Halale kapena ku Joni ndi angati. Zina zonsezi, kachewere wa ku Tsangano, nyemba, mowa wa masese umene amayi ankafulula kuti apeze ya mchere, mbuzi zodutsa malire usiku, ukhoza kuvundukula mafayilo tsiku lonse osazipeza, kapena kuzipeza m'kachiganizo kamodzi ka a DC pansi pa nkhani ya mvula. Tsono digiri yanga yachiwiri yagona pa zinthu zosawerengedwazo.

Ndisanabwerere kusukulu ndinkaphunzitsa History pa sekondale ina yoyendera cha kuno ku Lizulu. Pano ndili m'chaka chachiwiri cha masters ya economic history pa yunivesite ina ya ku South Africa, ndipo ndili kumudzi kudzachita kafukufuku. Atsibweni anga atamva kuti ndikuphunzira mbiri ya zachuma anaseka mpaka kutsokomola. "Chuma chake chiti, naPhiri? Mukanati mbiri ya ngongole, bwenzi ine nditakulemberani mutu woyamba." Sanaphonye kwenikweni. Njanji imene imadutsa kumunsi kwa mapiri athuwa, pa Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka mpaka ku Salima, inatsegulidwa mu 1935, chaka chomwecho chimene mlatho wa pa Zambezi unatha, ndipo Nyasaland inasenza ngongole ya njanji kwa zaka zambiri, sukulu pafupifupi zonse zili m'manja mwa amishoni. Leroy Vail analemba kalekale kuti njanjizo zinasaukitsa dziko limene zinkati zidzalitukula.

Chaka choyamba chinali cha m'kalasi. Ena mwa anzanga anachokera ku economics, enafe ku history, ndipo magulu awiriwa amayang'anana cham'mbali. A ku economics amati ife timangokamba nthano zopanda manambala. Ife timati iwo amangothira manambala mu kompyuta osafunsa kuti anawalemba ndani, ndipo ankafuna chiyani powalembapo. Ine masamu ndinatsanzikana nawo pa Fomu 4, ndiye pa econometrics, masamu oyezera nkhani za chuma, ndinaona zakuda. Amene mukuganiza zochita maphunzirowa, yambani statistics musanakwere basi, ndipo ikani pulogalamu ya R pa laputopu yanu, ndi yaulere.

Chimene chinandigwira mtima m'chaka chimenecho ndi njira yoyezera umoyo wa anthu akale. Munthu wolandira masheleni angapo pa mwezi mu 1930 anali pabwino kapena ayi? Kusandutsa masheleniwo kukhala makwacha n'kutaya nthawi. Kwacha inabwera mu 1971, makwacha 2 akulingana ndi paundi imodzi, ndipo chibwerereni yakhala ikugwa. Mu November 2023 mokha anaitsitsa ndi 44 peresenti. Ndiye akatswiri amatenga malipiro a munthu wa ntchito yamanja, n'kuwerengera mtengo wa zinthu zochepetsetsa zimene banja lingapulumukire pa chaka, monga chimanga, nyemba, timafuta, nsalu, sopo ndi nkhuni, kenako n'kuona kuti malipirowo angagule zimenezo kangati. Ewout Frankema ndi Marlous van Waijenburg anachita zimenezi mu 2012 pa mayiko a mu Africa amene ankalamulidwa ndi Britain. Anapeza kuti wantchito wa ku Accra kapena Lagos ankapezako bwino kuposa mnzake wa kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo Nyasaland inali cha kumunsi kwenikweni. Manambala awo anawatenga m'mabuku a chaka ndi chaka a boma la atsamunda, otchedwa Blue Books.

Ntchito imeneyi ndimaivulira chipewa, koma mtengo wa chimanga wa mu Blue Book ndi wa m'tauni. Agogo anga aakazi ku Mlanda sankagula chimanga. Ankatapa m'nkhokwe, nkhokwe ikatha ankapita kokasuma, ndipo munthu wokasuma mu tebulo la malipiro mulibemo. Mapepala ena otchuka, monga la Acemoglu, Johnson ndi Robinson la mu 2001, atatu amene analandira mphoto ya Nobel mu 2024 aja, amafanizira mayiko ambirimbiri nthawi imodzi, moti pa graph dziko lathunthu limangokhala kadontho. M'kadontho simungaoneke kusiyana kwa Thyolo, kumene anthu ankagwira thangata pa esiteti ya mzungu, ndi Ntcheu, kumene minda yambiri inatsala m'manja mwa eni ake koma amuna ake ndiwo ankachoka.

Funso langa ndi laling'ono. Ndalama zimene amuna a kuno anabwera nazo kuchokera kumigodi pakati pa 1967 ndi 1988 zinalowera kuti?

Ulendo wa kunja sunayambe mu 1967. Msonkho wa nyumba unakhazikika m'zaka za m'ma 1890, masheleni 3 pa nyumba, ndipo Inkosi Gomani Chikuse itaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896 panalibenso woimitsa amsonkho kudera lino. Kwa munthu wa kumapiri kuno njira yachidule yopezera sheleni inali miyendo. Ena ankapita selufu, wapansi kudzera ku Tete, ena ankalembedwa ndi a Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia, ena ndi a Wenela kupita kumigodi ya golide. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 inayerekeza kuti amuna 120,000 a mu Nyasaland anali kunja. Mu 1967 boma la Kamuzu linasainirana mgwirizano ndi South Africa, chitseko n'kutseguka mbee, moti pofika 1973 Amalawi a kumigodi ya kumeneko kokha anali oposa 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi 74 obwerera kwawo n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, Theba uja, koma chiwerengero sichinafikenso ngakhale kotala la chakale, mpaka mu 1988 pamene mkangano wa kuyeza magazi a HIV unatsekeratu njirayo.

Pali kanthu kamodzi m'mbiri imeneyi kamene kamandiwawa nthawi zonse. Francis Wilson anaonetsa kuti mphamvu ya malipiro a munthu wakuda m'migodi ya golide mu 1969 sinali yoposa ya mu 1911. Malipiro anayamba kukwera kwambiri m'ma 1970, golide atakwera mtengo, komanso eni migodi atachita mantha poona Amalawi achoka ndipo Mozambique yalandira ufulu mu 1975. Ndiye kuti Amalawi ambiri ananyamuka pamphasa nsima ikupakulidwa kumene. M'midzi imene ndikuyendayi zimenezi zimaoneka ndi maso. Wopita mu 1969 adzakuwerengera njinga, wailesi, mabulangete ndi suti. Wopita mu 1985 adzakulozera nyumba ya malata, ngolo ndi ng'ombe, mwinanso chigayo. Onsewo ankatsika m'dzenje lofanana.

Sindine woyamba kufunsa funsoli. Gawo lalikulu la malipiro a munthu, kuposa theka, linkasungidwa n'kudzamupatsa atafika kuno, ndiye panatsala malekodi osonyeza ndalama zolowa m'boma lililonse. Taryn Dinkelman, Martine Mariotti ndi Grace Kumchulesi anagwiritsa ntchito malekodi otero pamodzi ndi kalembera wa zaka zosiyanasiyana. Anapeza kuti m'madera amene anakhudzidwa kwambiri ndi ulendo wa kumigodi ana anakhalitsako pasukulu, ndipo kumene kunalowa ndalama zambiri, patapita zaka anthu ochuluka, makamaka amayi, anasiya kudalira munda wokha n'kulowa m'timabizinesi. Iwo analekezera pa mlingo wa boma. Ine ndikufuna kuona kanjira kamene tambala inadutsa kuchoka m'thumba la bambo wotsika ndege mpaka kukafika pa benchi ya mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa M1.

Ku National Archives ku Zomba ndinawerenga malipoti a ma DC, ambiri otayipidwa pa timapepala topyapyala ta kaboni. Zambiri za zaka zoyambirira zinapsa ndi moto umene unagwira ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919, koma za m'mbuyo mwake zilipo zochuluka. Kumeneko ndi kumene nkhani ya malimidwe inandionekera mwina. Tonse tinaphunzira kuti mu 1953 Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, boma n'kuichotsa pampando, ndipo inamwalira mu 1954. Kusukulu timaiphunzitsa ngati nkhani ya kukana chitaganya basi, ndipo inedi ndinkaiphunzitsa choncho poti ndi mmene silabasi imafunira. Koma tadzifunsani kuti m'mudzi umene amuna amphamvu ali ku Joni, wokumba migula ndi kupanga mizere yopingasa anali ndani, nanga wolipitsidwa chindapusa akalephera anali ndani. Anali mayi wa mwana kumsana, amene anali atalima kale munda wa anthu awiri yekha. Mkwiyo umenewo sunafunike kuuitanitsa ku Salisbury, Halale wa lero.

Koma zenizeni ndikuzipeza pakhonde. Cha ku Mlangeni ndinacheza ndi agogo ena amene ndingowatchula ndi mfunda wawo, aNgozo. Atamva chimene ndabwerera anatuma mdzukulu kuti akakoke bokosi lachitsulo pansi pa bedi, lobiriwira, penti itasupuka m'makona, loko wake atachita dzimbiri moti amangomanga ndi waya. M'katimo munali jekete lolemera, chithunzi chawo atavala chipewa cha nyali pamphumi, ndi kamtokoma ka mapepala kokulungidwa m'pepala la shuga la pulasitiki, komangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Chaka chobadwa anachita kufunsana ndi mdzukulu. Nambala yawo ya kumgodi anaitchula yonse osaphethira, ndipo nditaiyang'ana pa pepala inali yomweyo.

"Agogo, mutafika kuno ndalama zija munagula chiyani?"

"Makina osokera a Singer, mwana wanga. Njinga. Malata a nyumba iyi. Zotsala tinadya."

Ndinali nditayamba kale kulemba pamene agogo aakazi, naNyoni, amene nthawi yonseyi ankasola nyemba chakumbali ngati sakumva, analankhula osadzutsa mutu.

"Makinawo munagula ndinu, aNgozo. Nanga anakhala zaka zingati atafunditsidwa nsalu pabalaza ngati mlendo?"

Nkhani inatembenukira kwa iwo. Bambo atabwereranso ku kontrakiti yachiwiri, mayiwa ananyamula makina aja n'kukawabwereketsa kwa telala wina wosokera pakhonde la sitolo, iye n'kumalipira pa mwezi. Ndalama ya lendiyo ankagulira mbewu ya kachewere kuchokera cha ku Tsangano. Kachewere ankamugulitsa pamsewu kwa amalole, makamaka likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 magalimoto atachuluka. Amwenye atauzidwa m'zaka zomwezo za m'ma 1970 kuti achoke m'midzi akachitire malonda m'mizinda, masitolo ambiri anatsala opanda kanthu, ndipo iwo pamodzi ndi achemwali awo anachita lendi kachipinda kamodzi n'kuyamba kugulitsa mchere, sopo ndi palafini. Fizi ya ana awiri amene anafika ku sekondale inachokera m'kachipinda kameneko. Bambo ankangogwedeza mutu, kenako anati, "Zimenezo ndiye akudziwa ndi iwowo, ine ndinali pansi pa nthaka."

Makomo ambiri amene ndafikako zikuyenda chonchi. Bambo amakumbukira chimene anagula, mtundu wake ndi mtengo wake. Chimene chinthucho chinabala amakumbukira ndi mayi. Kuno ambiri ndi a chikamwini, munda ndi wa kuchikazi, ndiye katundu wa ku Joni ankafikira pa nthaka ya mkazi ndipo ankayendetsedwa ndi mkazi miyezi yonse imene mwamuna kulibe. Fomu ya Wenela inali ndi dzina la mwamuna. Kaundula wa msonkho anali ndi dzina la mwamuna. Munthu wofufuza amene angatsatire mapepala okha adzafunsa bambo, adzalemba "makina osokera, njinga, malata" pansi pa mutu wa zinthu zongodya, n'kutseka kope. Pano ndimayamba ndapempha kuti onse awiri akhalepo, ndipo kumene kungatheke ndimabweranso tsiku lina kudzacheza ndi mayi payekha, poti pali ngongole ndi timabizinesi tina timene sitikambidwa bambo ali pomwepo ngakhale papita zaka 40.

Supavaiza wanga ndi wa manambala, ndipo mafunso ake ndi olasa. Loyamba: ukudziwa bwanji kuti agogo akukumbukira zoona? Pamenepa ndimamangirira nkhani pa zinthu zodziwika chaka. Kodi zinali ndege isanagwe kapena itagwa? Munkagwiritsa masheleni kapena matambala? Othawa nkhondo a ku Mozambique anali atafika? Funso lomalizali ndi lothandiza kwambiri kuno, poti pa Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo kuyambira cha m'ma 1986 mpaka mtendere utasainidwa mu 1992 midzi ya m'mbali muno inadzaza ndi alendo. Amayi angapo andiuza kuti madimba awo anakula nthawi imeneyo chifukwa aganyu anali ambiri ndiponso otchipa. Sindikusangalala nayo mfundo imeneyi, koma ilowa m'pepala.

Funso lake lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba. Anthu amene ali ndi bokosi pansi pa bedi ndi amene zinawayendera. Amene anamwera ndalama zonse, amene anabwera akutsokomola n'kumwalira pasanathe zaka, matchona amene sanabwerere n'komwe, amenewo sangakhale pakhonde kundidikira. Ndikangocheza ndi otsalawa ndidzalemba kuti migodi inatukula Ntcheu, ndipo lidzakhala bodza lokhala ndi matebulo okongola. Ndiye m'mudzi uliwonse ndimayamba ndakhala pansi ndi amfumu ndi akuluakulu angapo, n'kutchula khomo ndi khomo aliyense amene anapita, wamoyo ndi womwalira, kenako ndimasankha mwamaere pa mndandanda umenewo. Maere akagwera womwalira ndimafufuza mkazi wake kapena mlongo wake. Macheza amenewo amakhala aafupi. Mayi wina anangondionetsa bulangete, nati ndi chokhacho chimene chinafika, chinabwera ndi mnzawo wa bamboyo.

Za miyezo ndisachite kunena. Mayi akati ankagulitsa ndowa 5 pa tsiku la msika, ndowa yake iti, yodzaza bwanji, yosefukira kapena yosalaza? Thumba la kachewere la pa Lizulu, losokerera mutu pamwamba lija, silingafanane ndi thumba la m'mabuku a ADMARC. Ndipo kachewere ndi tomato sizinali mbewu zimene ADMARC, kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1971, inkalimbana nazo ngati chimanga, mtedza, thonje ndi fodya, n'chifukwa chake malonda ake anasiya mapepala ochepa. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakenso phindu lake linkatsala m'manja mwa mlimi, koma zimenezo ndiyenera kuzitsimikiza ndisanazilembe molimba mtima.

Chimene palibe kalasi inandikonzekeretsa ndi fomu ya chilolezo. Malamulo a kafukufuku amafuna kuti munthu asaine kapena adinde chala kusonyeza kuti wavomera kucheza nane. Koma tangoganizani mtsikana wa chikwama ndi mapepala akufika m'mudzi kufunsa amene anapita ku Theba. Mbiri imathamanga kuti kwabwera olemba mayina a ndalama. Tsiku lina ndinapeza azibambo okalamba atandandalika pansi pa mtengo kwa amfumu, ena atachokera midzi yakutali pa kabaza wangongole, aliyense kamtokoma kake m'manja. Anthuwa akhala akulembedwa mayina ndi anthu osiyanasiyana kwa zaka zambiri, ena mpaka kuwatolera ndalama za fomu. Ndinaimirira n'kufotokoza kuti ndine mwana wasukulu, ndilibe ndalama ndipo sindikutumidwa ndi aliyense wogawa ndalama. Mmodzi anandifunsa mwaulemu, "Nanga mayi, inu mukapata digiriyo, ife tipata chiyani?" Ndinawauza chimene ndikudziwa: kuti makampani a migodi ya golide anavomera kupereka R5 biliyoni pa mlandu wa matenda a fumbi la mumgodi ndi chifuwa chachikulu, kuti ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zimakhudza amene anagwira m'migodi ina yotchulidwa pakati pa March 1965 ndi December 2019 n'kudwala matendawo, kapena amasiye awo. Si aliyense amene anapita ku Joni. Ena anachoka atakhumudwa, ndipo sindikuwaimba mlandu. Amene anatsala ndinawajambulira mapepala awo n'kuwasindikizira makope, kuti akamapita kulikonse asamapereke pepala lenileni.

Kwa amene mumandifunsa za kumene mungaphunzire: ku University of Malawi, imene kale inali Chancellor College, kuli masters ya African Social History, University of Zimbabwe inakhala ndi dipatimenti ya economic history kwa nthawi yaitali, ndipo kunja kuli Stellenbosch, Lund, Wageningen ndi London School of Economics. A African Economic History Network ali ndi buku laulere pa intaneti loyambira nalo musanawononge ndalama ya fomu. Za thandizo la fizi yang'anani Commonwealth ndi Beit Trust. Yomalizayi imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo inachokera pa chuma cha Alfred Beit, amene analemera ndi dayamondi ndi golide wa ku South Africa komweko. Mdzukulu wa munthu wa ku Wenela asachite nayo manyazi popempha. Ntchito yolembedwa kuti "tikufuna wa economic history" simudzaiona m'nyuzi ya kuno. Amene ndikuwadziwa amaphunzitsa, kapena ali m'mabungwe a kafukufuku kumene amawafunira statistics ija ndinkailira.

Pempho langa ndi la mabokosi aja. Ngati kwanu kuli agogo amene anapita ku Wenela, ku Theba kapena ku Mthandizi, tsegulani bokosilo iwo akadali moyo, chifukwa pamaliro mapepala ndi amene amayamba kutayidwa, ena amathera kukulungira fodya. Jambulani ndi foni pepala lililonse mbali zonse ziwiri, pamalo owala, nambala ya kumgodi ndi dzina la mgodi zioneke bwino, poti n'zimene amafunsa munthu akamatsata ndalama zake. Lembani zaka zimene anapita ndi kubwera. Mukatha kufunsa agogo aamuna chimene anagula, pitani kukhitchini mukafunse agogo aakazi kuti chinthucho chinathera kuti, anabwereka ndani, ndipo ankalipira zingati.